Ubongo wa munthu wamkulu uli ndi mbeu yake, ndipo mbeuyo imamva zimene munthu wadya

MWEZI wa August ukafika, anthu a ku Makandanyama mu Kabwe sacita kuuzidwa. Mphepo imayamba m'mamawa, fumbi nkulowa m'mazenera, nkutera pa mbale, pa mphasa ndi m'manja mwa ana. M'nyumba zambiri, pa nthawi yomweyo, mwana amapita ku sukulu asanalawe kanthu, ndipo atate amanyamuka kukafuna pisiweki atangomwa tiyi wopanda cotafunira. Fumbi ndi mimba ya njala anthu amaziona ngati mabvuto awiri osiyana. Koma m'thupi la munthu ziwirizi zimakakumana malo amodzi, ndipo malowo ndi ubongo.

Kuti izi zimveke, pafunika kuyamba ndi cinthu cimene akatswiri acizindikira posacedwapa. Mkati mwa ubongo wa munthu wamkulu muli kagulu ka maselo kamene kamatha kubala maselo atsopano, ndipo kaguluka kamagwira nchito kapena kupumula molingana ndi cakudya cimene cafika m'magazi.

Zimene madokotala anali kukhulupirira kale

Thupi lonse linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tochedwa maselo, tosaoneka popanda makina okulitsa zinthu. Khungu, magazi ndi matumbo zimapanga maselo atsopano tsiku ndi tsiku, ndico cifukwa cake cilonda cimapola. Ubongo ndi wosiyana. Umalemera pafupifupi makilogramu 1.4 ndipo uli ndi maselo otumiza mauthenga, ochedwa manyuroni, okwana ngati 86 biliyoni. Ambiri mwa amenewa amapangidwa mwana asanabadwe, ndipo akafa sabwereranso. Poona izi, katswiri wa ku Spain, Santiago Ramón y Cajal, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1906, anaphunzitsa kuti mu ubongo wa munthu wamkulu simuphuka kanthu katsopano. Madokotala anagwira mau amenewa zaka zambiri.

Mu 1962 ndi mu 1965, Joseph Altman wa ku America anaona manyuroni atsopano mu ubongo wa makoswe akuluakulu, koma anzake sanamumvere. M'zaka za m'ma 1980, Fernando Nottebohm anapeza zomwezo m'mbalame zoimba zochedwa canary. Umboni wa pa munthu unafika mu 1998, pamene Peter Eriksson wa ku Sweden ndi Fred Gage wa ku America anapima ubongo wa odwala khansa asanu amene anali atamwalira. Ali moyo, odwalawo analasidwa mankhwala oika cizindikiro pa selo iri yonse imene ikugawikana, kuti madokotala aone mmene khansa ikukulira. Cizindikiro cija cinapezekanso pa manyuroni, kusonyeza kuti anabadwa anthuwo ali acikulire kale.

Malo amene maselowo anapezeka amachedwa hippocampus. Munthu ali ndi tiwiri, kena kumanja kena kumanzere, mkati mwa mutu kufupi ndi makutu, ndipo kali konse nkotalika ngati cala. Nchito yake ndi kusunga zinthu zatsopano: dzina la mlendo, phunziro la lero, pamene paikidwa makiyi, njira yolondola pakati pa tinjira tofanana ta m'komboni.

Za kuculuka kwa maselo atsopanowa akatswiri akhala akutsutsana. Mu 2013 gulu la Jonas Frisén ku Stockholm linawerengera kuti hippocampus iri yonse imalandira manyuroni atsopano ngati 700 pa tsiku. Mu 2018 gulu lina ku San Francisco linati linawaona mwa ana, koma mwa akulu anali osaoneka. Mu 2019 gulu la María Llorens-Martín ku Madrid linawapeza mwa anthu a zaka zofika 87, ndipo anali ocepa mwa odwala matenda oiwala a Alzheimer. Mu 2025 gulu la Frisén linapeza maselo amene akugawikana mu hippocampus ya akulu, ngakhale kuti anthu ena anali nawo ambiri ndipo ena ocepa zedi. Cimene caoneka ndi cakuti maselowa alipo, ndi ocepa, ndipo amacepera-cepera munthu akamakalamba.

Mbeu yogona

Maselo amene amabala manyuroni atsopano angayerekezedwe ndi mbeu yosungidwa. Mlimi wanzeru sabzala mbeu yake yonse pa mvula yoyamba ya October, cifukwa dzuwa likabwerera mmera umapsa ndipo amatsala manja okha. Sasunganso mbeu yonse mpaka mvula kutha. Amayang'ana nthaka, nabzala pa nthawi yake, nasiyako ina.

Ubongo umacita cimodzimodzi. Maselo a mbeu ambiri amakhala ali mtulo miyezi kapena zaka. Ocepa okha amadzuka, nagawikana, ndipo ana awo amatenga milungu ingapo kuti akhwime ndi kulumikizana ndi manyuroni akale. Ambiri mwa anawo amafa asanakhwime. Kupanga selo yatsopano kumadya mphamvu ndi zipangizo zambiri, conco selo ya mbeu isanadzuke iyenera kudziwa ngati m'thupi muli cakudya cokwanira. Imadziwa izi kupyolera mwa mapuloteni.

Alonda a mkati mwa selo

Pa kiliniki mau akuti mapuloteni amatanthauza zakudya zomanga thupi, monga nyemba, nsomba, mazira ndi nyama. Zakudya izi zikafika m'matumbo zimaphwanyidwa kukhala tizidutswa tochedwa ma amino asidi. Thupi limatenga tizidutswato nkupanga mapuloteni akeake a mitundu zikwi zambiri, ndipo amenewa ndiwo anchito a mkati mwa selo. Ena mwa iwo ali ngati alonda oyang'ana cakudya. Anai ndiwo odziwika kwambiri.

Woyamba ndi mTOR. Dzinali linacokera ku mankhwala ochedwa rapamycin, amene anapezeka m'tizirombo ta m'dothi la ku cisumbu ca Rapa Nui, ndipo mtundu wake wa mu yisiti, wochedwa TOR, anautulukira ndi Michael Hall ndi anzake ku Basel mu 1991. Mlonda uyu amamva ma amino asidi. Akakhala okwanira, amalamula selo kuti imange ndi kukula. Akasowa, amakhala cete ndipo kumanga kumaima.

Waciwiri ndi insulini pamodzi ndi mbale wake IGF-1. Insulini imacokera m'kapamba munthu akadya, pamene IGF-1 imapangidwa makamaka m'ciwindi ndipo imatsika munthu akamasowa zomanga thupi. Awiriwa amayenda m'magazi kuuza maselo kuti cakudya cafika, ndipo uthenga wao umadzutsa mTOR.

Wacitatu ndi AMPK, amene amayang'ana mphamvu ya m'selo monga munthu woyang'ana malasha pa mbaula. Mphamvu ikatsika, monga pamene munthu wayenda mtunda wautali kapena papita maola asanadye, AMPK amagwira mTOR dzanja ndi kuyambitsa nchito yosesa, pamene selo imaphwanya zinthu zake zakutha nkuzigwiritsanso nchito. Yoshinori Ohsumi wa ku Japan analandira mphotho ya Nobel mu 2016 cifukwa cofotokoza kasesedwe kameneka.

Wacinai ndi FoxO3, wosunga mbeu. Insulini ikakwera, iye amacotsedwa pa nchito. Ikatsika, amabwerera nagoneka selo, naiteteza, nakonza zoonongeka. Mu 2009 gulu la Anne Brunet ku Stanford University linaonetsa kuti mbewa zopanda FoxO3 zimatsala ndi maselo a mbeu ocepa zikakula. Gulu lina caka comweco linapeza kuti mbewa zosowa mapuloteni a mtundu umenewu zimayamba ndi maselo ogawikana mofulumira, kenaka nkhokwe nkutha msanga.

Umoyo wa mbeu ya mu ubongo uli pa kusinthana kwa alondawa. Pafunika nthawi yomanga ndi nthawi yosesa. Pa mbewa, mTOR akatsekedwa ndi mankhwala maselo ogawikana amacepa. Njira yomweyo ikasiyidwa yotseguka nthawi zonse, maselo a mbeu amadzuka ambiri nthawi imodzi natha.

Umboni wocokera ku tinchenche, ndi wocokera ku Malawi

Kafotokozedwe koonekeratu kanacokera ku tinchenche tating'ono timene timazungulira nthoci zakupsa. Mu 1998 akatswiri anaona kuti mphutsi za tinchencheti zikamanidwa ma amino asidi, maselo a mbeu a mu ubongo wao sadzuka. Mu 2010 ndi 2011, magulu a ku Cambridge ndi ku London anapeza njira yake. Ciwalo cimene cimagwira nchito ngati ciwindi cimamva ma amino asidi kupyolera mwa TOR, nkutumiza uthenga ku ubongo, kumene maselo othandiza amatulutsa puloteni wofanana ndi insulini, ndipo mbeu imadzuka. Mapuloteni omwewa ali mwa mbewa ndi mwa munthu.

Kufupi ndi kuno, Richard Semba wa ku Johns Hopkins University ndi anzake anapima magazi a ana 313 a m'midzi ya ku Malawi, a zaka zosakwana zisanu, nafalitsa zotsatira mu 2016. Ana opinimbira anali ndi ma amino asidi ocepa m'magazi, onse 9 amene thupi silingapange lokha. Ofufuzawo anati kucepa kotere kungagonetse mTOR, thupi nkuleka kukula. Nkhaniyi ikhudza Zambia kwambiri, pakuti kafukufuku wa boma wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 ali onse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo 58 pa 100 anali ocepa magazi.

Cimanga ciri ndi mapuloteni, koma ncosauka pa ma amino asidi awiri, lysine ndi tryptophan. Nyemba, nshawa, soya ndi nsomba zimadzaza mpata umenewu. Munthu wodya nsima yaikulu ndi tindiwo tocepa amakhuta, koma alonda a m'maselo ake amaona kuti zipangizo sizinakwane. Ndipo ubongo ndi ciwalo cadyera. Mwa munthu wamkulu umalemera magawo 2 okha pa 100 a thupi koma umadya magawo 20 pa 100 a mphamvu, pamene mwa mwana wa zaka zisanu umadya kuposa magawo 40 pa 100.

Kusowa kumaononga, kupyola muyeso nakonso

Pa makoswe ndi mbewa, kusowa kwa zinki, kwa folic acid ndi kwa vitamini A kwaonetsedwa kuti kumacepetsa kubadwa kapena kukhwima kwa manyuroni atsopano, ndipo kusowa kwa ayironi pa ubwana kumasokoneza kakulidwe ka hippocampus. Koma kudya kopyola muyeso kulinso ndi cilango cake. Makoswe odyetsedwa zamafuta kwambiri anapanga manyuroni ocepa, ndipo cimodzimodzi makoswe a matenda a shuga. Anthu amene akhala zaka ndi shuga wosasamalidwa amapezeka kawirikawiri ndi hippocampus yocepako akaunikidwa ndi makina. Mowa nawo ndi mdani. Mu 2002 akatswiri a ku North Carolina anaonetsa kuti makoswe oledzeretsedwa masiku anai motsatizana anataya gawo lalikulu la maselo atsopano, ndipo kafukufuku wotsatira anapeza kuti mowa utalekedwa maselo anayambanso kubadwa. Omwa kacasu ayenera kumva mbali zonse ziwiri za nkhaniyi.

Pali nkhani ina imene yafala pa mafoni, yakuti kusala kudya kumakulitsa ubongo. Inacokera ku mbewa za m'nyumba zofufuzira zimene zinacepetsedwa cakudya, manyuroni ao atsopano nkukhala moyo ambiri. Koma mbewazo zinali zitakula kale, zinali kupatsidwa mavitamini ndi zomanga thupi zokwanira, ndipo zinali kukhala pamalo opanda fumbi. Njala ya m'komboni, monga imene inabwera ndi cilala ca 2024, ndi cinthu cina. Ana, amai oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala shuga, ndi amene akumwa mankhwala a TB kapena ma ARV sayenera kudzimana cakudya. Palibenso piritsi kapena ufa wa m'botolo umene watsimikizidwa kuti umabala manyuroni mwa munthu. Ndalama imene ogulitsa zotere amafuna ingagule kapenta wa mlungu wathunthu.

Cimene caoneka kuti cimathandiza ncosagula. Mu 1999 mbewa zopatsidwa gudumu lothamangapo zinapanga maselo atsopano owirikiza kawiri. Mu 2011 ku America, pa kafukufuku wa acikulire 120, amene anali kuyenda mofulumira katatu pa mlungu kwa caka cimodzi anapezeka ndi hippocampus yokulirako ndi magawo 2 pa 100.

Pamene fumbi la Kabwe likulowa m'nkhani

Miyala ya mtovu, umene ambiri amauchula kuti ledi, inapezeka pa Broken Hill mu 1902, ndipo mgodi unagwira nchito mpaka 1994. Utsi wa ng'anjo ndi fumbi la milu ya zotsala, monga uja wochedwa Black Mountain, zinasiya mtovu m'dothi la makomboni oyandikana nawo. Kafukufuku amene anatha mu 2006 anapeza kuti dothi la ku Makandanyama linali ndi mamiligramu ngati 1,613 a mtovu pa kilogramu imodzi, ku Kasanda 3,008 ndipo ku Chowa 1,233. Malire amene boma la America linagwiritsa nchito zaka zambiri pa malo oseweramo ana anali 400. Mtovu suola, conco umakhalabe m'dothi mpaka utacotsedwa kapena kukwiriridwa.

Mtovu wa m'magazi umapimidwa m'mamaikulogramu pa desilita. Bungwe la World Health Organization limati palibe muyeso umene uli wabwino, ndipo ukafika pa 5 pafunika kufufuza kumene ukucokera ndi kucitapo kanthu. Mu 2015 Dr John Yabe wa pa University of Zambia ndi anzake a pa Hokkaido University ku Japan anafalitsa zotsatira za ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Onse anali opyola 5, ndipo mmodzi anafika pa 427.8.

Mtovu ulibe nchito m'thupi. Umalowa mwa kunamiza mapuloteni amene amanyamula cakudya, ndipo apa ndi pamene nkhani ziwiri zija zikumanirana. M'matumbo muli puloteni wochedwa DMT1, amene ali ngati khomo lolowera ayironi. Thupi likasowa ayironi limaculukitsa makomo amenewa kuti litole kali konse kamene kadutsa, ndipo mtovu umalowera pomwepo. Umatsanziranso kashiamu, conco umasungidwa m'mafupa zaka zambiri, ndipo mu ubongo umasokoneza mauthenga amene manyuroni amatumizirana pophunzira. Mwana wamng'ono amalowetsa m'magazi mtovu woculuka kanai kapena kasanu kuposa wamkulu amene wameza fumbi lofanana. Ndiponso, mwa akulu amene anapimidwa, mtovu womezedwa pa mimba ya njala unalowa m'magazi mowirikiza kangapo kuposa womezedwa pamodzi ndi cakudya.

Mbeu ya mu ubongo nayo imakhudzidwa. Mu 2007 gulu la Tomás Guilarte ku Johns Hopkins University linapeza kuti makoswe oleredwa ndi mtovu anali ndi maselo ocepa ogawikana mu hippocampus, ndipo amene anabadwa anali opunduka maonekedwe. Gulu lomwelo mu 2003 linaona cinthu copatsa ciyembekezo. Makoswe a mtovu amene anaikidwa m'khola lalikulu lokhala ndi anzao ndi zoseweretsa anaphunzira bwino kusiyana ndi amene anatsekeredwa okha.

Akale anati mmera mpoyamba, ndipo zoona, mtovu umaononga kwambiri ubongo wa mwana, ndipo zambiri zimene waononga sizibwerera. Koma wamkulu amene anakulira ku Makandanyama sanapulumuke. Mtovu wa pa ubwana wake uli m'mafupa, ndipo umabwerera m'magazi pa nthawi ya pakati, poyamwitsa ndi pa ukalamba, makamaka ngati kashiamu wa m'zakudya ndi wocepa. Mwa akulu umakweza BP ndi kuononga impso, ndipo mwa mai woyembekezera umapita kwa mwana amene ali m'mimba.

Zimene banja lingacite

Cakudya sicicotsa mtovu m'dothi. Nchito imeneyo ndi ya boma ndi a migodi. Pulojekiti ya ZMERIP, imene inabvomerezedwa mu 2016 ndi ndalama za World Bank, inapima ndi kupereka mankhwala kwa ana ena a mu Kabwe, koma malipoti a Human Rights Watch a mu 2019 ndi 2025 anaonetsa kuti milu ya zotsala inali isanakonzedwe. Anthu ali ndi ufulu wofunsa makhansala ndi aphungu ao za nkhaniyi. Pakali pano, pali zimene ziri m'manja mwa banja.

1. Mwana asapite kukasewera kapena ku sukulu pa mimba ya njala. Phala lothira nshawa zosinja, kandolo wophika kapena nsima yogona yotenthetsa bwino ndi zokwanira. Ana ang'ono azidya pang'onopang'ono kanai kapena kasanu pa tsiku, osati kamodzi madzulo.

2. Nsima iziyenda ndi comanga thupi masiku onse, ngakhale cocepa: nyemba, nshawa, nyama ya soya, dzira, kapenta, vinkubala kapena inswa pa nyengo yake. Unga wa roller ndi mgaiwa uli ndi zofunika zambiri kuposa wa breakfast, ndipo ndi wochipa.

3. Kapenta wodyedwa ndi minga yake ndi mkaka, watsopano kapena wowawasa, zimapereka kashiamu. Ayironi ali mu nyama, nsomba, nyemba ndi bondwe, ndipo amalowa bwino ngati pali tomato, ndimu, gwava kapena mabuyu. Tiyi amachinga ayironi, conco asamwedwe pamodzi ndi cakudya cacikulu.

4. Ciwindi ncabwino pa magazi, koma kafukufuku wa mu 2013 anapeza mtovu wambiri m'ziwindi ndi m'impso za nkhuku zoyendayenda kufupi ndi mgodi wa Kabwe. Zamkati za nkhuku zotola m'dothi la m'makomboni amenewa zisapatsidwe kwa ana ndi amai oyembekezera.

5. Cibwabwa, repu, kalembula ndi ndiwo zina zamasamba zitsukidwe ndi madzi ambiri zisanadulidwe, ndipo kandolo asendedwe. Dimba la pakhomo ndi bwino likhale la m'masaka kapena m'matayala odzaza dothi lakutali ndi mgodi. Cakudya ndi madzi akumwa zizikhala zobvundikira.

6. Amai oyembekezera asadye dothi. Cilakolako ca dothi kawirikawiri cimayenda ndi kucepa kwa ayironi, conco auze anamwino ku sikelo ndipo amwe mapiritsi a ayironi ndi folic acid amene amaperekedwa kumeneko. Mai woyamwitsa asaleke kuyamwitsa cifukwa coopa mtovu asanakambirane ndi a cipatala.

7. Manja a ana asambitsidwe ndi sopo asanadye, ndipo zikhadabo ziwengedwe. M'nyumba muzikolopedwa ndi nsalu yonyowa, ndipo pabwalo pawazidwe madzi pasanasesedwe. Kapinga kapena simenti zimagwira fumbi. Miyala ndi mcenga wa ku milu ya mgodi zisabweretsedwe pakhomo.

8. Ogwira nchito ku milu ya zotsala abvule zobvala ndi nsapato asanalowe m'nyumba, asambe asananyamule mwana, ndipo zobvalazo zicapidwe pazokha.

9. Njoka za m'mimba ndi malungo zimatha magazi, ndipo magazi akacepa makomo aja amatseguka. Ana apite ku Child Health Week kukalandira vitamini A ndi mankhwala a njoka, ndipo banja lonse lizigona m'maukonde oteteza udzudzu.

10. Akulu aziyenda, azigona mokwanira, acepetse mowa, shuga ndi zokazinga. Agogo asasiyidwe okha pakhonde tsiku lonse. Kuceza, kuimba m'kwaya, kusewera nsolo ndi kusimbira adzukulu nthano ndi nchito ya hippocampus, ndipo mwana wolankhulidwa naye ndi kuseweretsedwa amapindula cimodzimodzi.

Nthawi yopita ku cipatala

Ana ambiri a mtovu saonetsa cizindikiro ciri conse, ndipo njira yokha yodziwira ndi kupima magazi. Makolo a ku Makandanyama ndi makomboni oyandikana nawo afunse ku kiliniki yao za kupimitsa ana ang'ono ndi amai oyembekezera. Mwana wodandaula m'mimba kawirikawiri, wodzimbidwa, wotuwa m'maso ndi m'manja, wokwiya msanga, wocedwa kulankhula kapena wobwerera m'mbuyo ku sukulu ayenera kuonedwa ndi a cipatala, osati kukwapulidwa. Mwana amene akukomoka, kusanza kosalekeza kapena kugona kosadzutsika athamangitsidwe nthawi yomweyo. Mankhwala ocotsa mtovu m'magazi alipo, ndipo World Health Organization imati aziperekedwa muyeso ukafika pa 45. Koma mwana akabwerera ku fumbi lomwelo mtovu umakweranso, conco ukhondo wa pakhomo ndi cakudya zipitirire.

Wamkulu amene wayamba kuiwala-iwala, kusocera pa njira imene amaidziwa kapena kusintha khalidwe apimidwe BP, shuga, magazi, HIV ndi cindoko, cifukwa zina mwa zoyambitsa zake zimaciritsika. Nkhalamba yoiwala ndi wodwala wofunika cisamaliro, siyenera kunenedwa ufiti.

Maselo a mbeu a mu ubongo ndi ocepa, ndipo sangabweze zonse zimene sitiroko, mowa kapena mtovu zaononga. Komabe alipo, ndipo alonda ao amawerenga mbale ya munthu tsiku ndi tsiku. Ku Makandanyama, kapu ya phala la nshawa m'mawa imagwira nchito ziwiri: imapatsa ubongo zipangizo zomangira, ndipo imacepetsa mtovu umene ukanalowa m'magazi.